Timabotolo Tiwiri m'Filiji ya Che Saidi

Ana anga, za ubwana wanga munamva kale kwa amalume anu, ndipo iwo amakometsera kuposa mmene zinthu zinalili. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndapuma tsopano, maso ayamba kuvuta, ndiye ndati ndilembe ndisanayambe kusokoneza mayina a anthu.

Ku Nkhulambe, zaka zoyamba

Nditamaliza sukulu ya unamwino ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha ku Nkhulambe. Ndinafikako pa lole ya chimanga, nditanyamula sutikesi ya malata ndi mayunifolomu awiri oyera amene pofika anali atasanduka ofiira ndi fumbi. Mkulu wa pamalopo anali Mayi Nasiyaya, mayi wamfupi, wosaseka wamba. Atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anati, "Chilomwe umamva?" Ndinati ndinakulira ku Mkhumba, ndimamva bwinobwino. "Basi, wayamba ntchito. Azimayi akuluakulu kuno matenda awo safotokoza m'Chichewa." Masiku amenewo magolovesi tinkachapa ndi kuyanika pa chingwe ngati zovala. Mankhwala ankabwera kumayambiriro kwa mwezi, pakati pa mwezi n'kutha, masiku otsalawo n'kumangolembera anthu kuti akagule. Mayi Nasiyaya ankandikalipira pa chilichonse, ngakhale kapindidwe ka bulangete, koma ndi iwo amene anandiphunzitsa kuyang'ana wodwala asanayambe kulankhula.

Tsiku lina anthu anabweretsa mayi wina wachitsikana pa njinga, atamumangirira ndi chitenje kumsana kwa mwamuna wake kuti asagwe. Anali ataonda mpaka mafupa kuonekera. Achibale anati amadya kwambiri, madzi amamwa ndowa yonse, kukodza kosalekeza, koma thupi likungotha. Choyezera tinalibe. Mayi Nasiyaya anandiuza kuti nditenge mkodzo wake ndikathire pansi kuseri kwa chipatala, ndidikire. Posakhalitsa nyerere zinadzaza pamalopo. "Shuga," anatero. Jakisoni wa insulini panalibe, moti tinamutumiza ku chipatala chachikulu, koma anamwalira ali m'njira.

Madzulo ake tikutsuka ziwiya ndinafunsa. "Amayi, ine sindikumvetsa. Magazi a munthu adzaza shuga, chakudya chenicheni. Nanga bwanji akufa ndi njala?"

Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Esinati, ine anandiphunzitsa kuzindikira matendawa ndi kubaya jakisoni. Zimene ukufunsazo sindidziwa. Ukadzakumana ndi wodziwa, usadzachite manyazi, udzafunse." Aka kanali koyamba kuwamva akunena kuti china chake sakuchidziwa.

Ku Blantyre, miyezi ya maphunziro

Padapita zaka zambiri ndisanakumane naye wodziwayo. Ndinali nditakwatiwa, inu nonse mutabadwa, pamene ndinasankhidwa kukachita maphunziro oonjezera a matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bambo anu ndi amene anatsala nanu, ndipo mukukumbukira nokha phala lopserera limene munkadya. Mmodzi mwa otiphunzitsa anali dokotala wachikulire wa kumpoto, a Gondwe. Sabata yoyamba yomweyo ndinakweza dzanja ndi kufunsa funso langa lija. Anzanga ena anaseka chifukwa silinali pa mayeso. Iwo sanaseke. Anafufuta zonse zimene analemba pa bolodi n'kujambula chozungulira chachikulu.

"Ili ndi selo," anatero. "Thupi lonse lamangidwa ndi tinthu timeneti, tosaoneka ndi maso. Anthu amaganiza kuti ndi kathumba ka madzi basi. Ayi, muli zipinda. M'chipinda china mumapangidwa mapuloteni, amene ndiwo zida zogwirira ntchito zonse za selo. M'chipinda china amawamaliza ndi kuwaika chizindikiro cha kumene akupita. Kenako amawakulunga m'timatumba, ulendo. Ena amapita pakhungu la selo. Koma akafika pamenepo sakhalapo mpaka kalekale. Selo limawakokeranso mkati, kuchipinda chosankhira. Amene atha ntchito amapita kophwanyira, zidutswa zake n'kupangira ena atsopano. Amene akadali abwino amawabweza kunja, kapena kuwasunga mpaka atafunika. Zikuchitika m'thupi mwanu pano mwakhalamu."

Kenako anafika pa funso langa. Anati shuga sangalowe m'selo la mnofu popanda khomo, ndipo khomolo ndi puloteni. Makomo ambiri selo limawasunga mkati, m'timatumba. Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini. Insulini ikagogoda pa selo, timatumba tija timathamangira kukhungu, makomo amakhazikika, shuga amalowa. Insulini ikachepa, selo limawabwezera mkati, limawasankha, n'kuwasunga kudikira chakudya china. "Mayi wanu uja kapamba wake anali atasiyiratu kupanga insulini. Makomo anali nawo, koma onse ali mkati. Chakudya chinkangozungulira panja." Anati pali mtundu wina wa matendawa, wa anthu akuluakulu onenepa, amene insulini amapanga ndithu koma maselo awo samva msanga kugogodako. "Koma mverani izi. Mnofu ukamagwira ntchito, umatulutsa wokha makomo aja, osadikira insulini. Munthu akamayenda, akamalima, shuga amalowa."

Ndinalumpha ndi funso. "Ndiye kuti mayi uja akanamangoyenda akanapulumuka?"

Anamenya tebulo. "Ayi! Musadzasokoneze zimenezi. Amene thupi lake silipanga insulini ngakhale pang'ono, ayende asayende, popanda jakisoni amwalira. Insulini ili ndi ntchito zina, ndipo ikasoweratu magazi amasanduka poizoni. Kuyenda kumathandiza amene akadali nayo yake, ngakhale yochepa."

Zambiri za maphunziro amenewo ndinaiwala. Tsiku limenelo ayi.

Kuphazi kwa Michesi

Nditabwerako ananditumiza ku chipatala china chaching'ono kuphazi kwa phiri la Michesi, kumene ndinagwira ntchito mpaka kupuma. Mkulu wa pamenepo anali a Makuluni, munthu wofatsa, wokonda mtendere, amene ankadana ndi mikangano kuposa matenda. Ndinawapempha kuti Lachinayi lililonse likhale la odwala shuga, ndipo anavomera. Poyamba ankabwera ochepa, kenako mabenchi anayamba kuchepa. Ambiri ankamwa mapiritsi. Obaya jakisoni wa insulini anali awiri okha.

Woyamba anali Che Saidi, mwini golosale yaikulu pa msika wapafupi. Anali munthu wa thupi, wa mawu okweza, wowolowa manja, ndipo ngakhale ku mzikiti, kumene kunali pafupi zedi, ankapita pa njinga yamoto. Shuga anamupeza ali wamkulu kale. Mapiritsi ankamwa mwa apo ndi apo, zakumwa zotsekemera za m'sitolo mwake osazisiya, mpaka madokotala a ku chipatala chachikulu anamuika pa jakisoni. Filiji yathu itawonongeka, ndipo okonza atangolonjeza osabwera, ndi iye amene anati, "Anesi, mankhwala a boma asawonongeke ine ndili ndi filiji ya sola. Bweretsani." Anachotsa mabotolo a zakumwa pa shelefu imodzi, ndipo insulini yathu inkakhala mmenemo. Sanapemphepo kalikonse.

Wachiwiri anali Felesiya, mayi wachitsikana wa m'mudzi wa m'mwamba, mlimi wa nandolo ndi chinangwa. Iye shuga anamuyamba akadali pa sukulu, ndipo kapamba wake sankapanga insulini ngakhale dontho. Kabotolo kake ankasunga mu mtsuko wadothi wothira mchenga wonyowa, monga ndinamuphunzitsira. Anali atapita padera kawiri. Abale a mwamuna wake anali atayamba kunong'ona kuti mwana wawo afune mkazi wina. Chaka chimene ndikufuna kukuuzanichi, Felesiya anali ndi pathupi pachitatu, pa miyezi isanu, ndipo aka kanali koyamba kufika pamenepo.

Chaka cha napolo

Inu munali mutachoka kale pakhomo, munangomva pa wailesi. Mvula inagwa masiku angapo osapuma, kenako madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri. Sindilemba zonse zimene ndinaona. Anthu amene ndinawabereketsa ndi manja anga tinawaika m'manda sabata imeneyo. Milatho inapita mbali zonse, mafoni anazima, ndipo amene nyumba zawo zinagwa anakakhala pa sukulu ya pamtunda.

Felesiya anatsika patapita masiku awiri, mwamuna wake atamugwirira. Nyumba yawo inali itagwa, mtsuko uja ndi majakisoni zonse zitakwiririka. Milomo inali itauma, akupuma mozama, mpweya wake ukununkha ngati zipatso zovunda. Ndinadziwa chimene chayamba: magazi anali akusanduka poizoni. Tinamuika diripu, ine n'kuthamangira ku golosale. M'filiji munali timabotolo tiwiri tokha, ta mwezi umenewo: kamodzi ka Felesiya, kena ka Che Saidi. Ndinatenga ka Felesiya. Pofika tsiku lotsatira anali atatsegula maso bwinobwino ndi kupempha phala, ndipo mwana m'mimba ankasuntha.

Apa ndi pamene vuto linayambira. Mayi woyembekezera amafuna insulini yambiri miyezi ikamapita. Kabotolo kamodzi sikakanamufikitsa patali. Anyamata amene anawoloka mtsinje wapansi kupita ku boma anabwerako ndi uthenga wakuti kumenekonso insulini kulibe, chifukwa magalimoto ochokera ku Blantyre sakudutsa, ndipo palibe akudziwa kuti adzadutsa liti. Kabotolo kamene Che Saidi ankabayira kunyumba kanali pafupi kutha.

Ndinalowa mu ofesi ya a Makuluni n'kuwauza maganizo anga: timabotolo tonse tiwiri tikhale ta Felesiya, Che Saidi abwerere pa mapiritsi, amene tinali nawo ambiri.

Anavula magalasi. "Amayi, mukudziwa zimene mukunena? Kabotoloko ndi kake. Anamulembera ndi madokotala akuluakulu. Filiji ndi yake. Aliyense atenge kake, zotsalazo tisiyire Mulungu. Palibe angatinene."

"Palibe angatinene, inde," ndinatero. "Koma kabotolo ka Felesiya kakatha msewu usanatseguke, tiika anthu awiri m'bokosi limodzi. Che Saidi kapamba wawo akugwirabe ntchito. Akhoza kuvutika, shuga akwera, koma masabata ochepa sangawaphe ngati tiwayang'anira. Felesiya ndi masiku chabe."

"Nanga akakomoka? Akafa? Msika wonse udzati anesi analanda mankhwala a munthu m'filiji mwake momwe."

"Ndikudziwa."

Anayang'ana matope pa zenera. Kenako anati, "Ine sindikuletsani. Koma mwiniwake avomere ndi pakamwa pake. Akakana, nkhani yatha. Ndipo akayamba kusanza kapena kusokonezeka mutu, timubaya, osafunsa munthu." Ndinavomera, chifukwa zimenezo zinali zoona.

Njira yopita ku golosale sinali yaitali. Ndinamupeza Che Saidi atakhala kuseri kwa kauntala, mkazi wake Abiti Yusufu akusesa matope pakhonde. Titapatsana moni ndinanena zimene ndinabwerera, osazungulira.

Nkhope yake inasintha. "Anesi, ndakulakwirani chiyani? Ndinakutsegulirani filiji yanga. Lero mwabwera kudzandiuza kuti ndife ine kuti wina akhale?"

"Ayi, bambo. Ndikanakhulupirira kuti mufa, sindikanabwera. Ndipatseni mpata ndifotokoze, mukatero muyankhe nokha. Mukakana, kabotoloko ndi kanu, ndipo sindidzakunenani kwa munthu aliyense."

Ndinatenga katoni ya sopo ndi cholembera, n'kujambula selo monga anajambulira a Gondwe. Ndinamuuza za zipinda, za timatumba, za makomo a shuga amene selo limatulutsa ndi kubweza. Ndinati Felesiya alibe wogogoda, koma iye ali naye, kungoti maselo ake agontha. Ndinati minofu ikagwira ntchito imatulutsa yokha makomowo. Anayang'ana katoniyo nthawi yaitali, atakwinya nkhope.

"Ndiye kuti katunduyo ndili naye m'kati, kungoti sakutuluka pakhonde?"

"Ndi momwemo."

"Ndipo akalowa madzulo satayidwa?"

"Owonongeka okha. Abwino amasungidwa, mawa atulukenso."

"Zaka zonsezi palibe anandiuzapo zimenezi. Amangoti osadya ichi, osadya icho." Anakankha katoniyo. "Koma anesi, izi ndi zojambula. Thupi ndi langa. Ndili ndi ana asukulu."

Abiti Yusufu anali atasiya kusesa. Analowa, tsache lili m'manja, n'kulankhula motsitsa. "Bambo, mtsikana uja ndinamuona akumutsitsa. Wataya awiri kale. Ifenso tinataya woyamba, mwaiwala?" Che Saidi anadzuka, anatsegula filiji, anatulutsa kabotolo kaja n'kukayang'ana, kenako anakabwezera pamalo pake. "Kakhale momwemu, kunja kangawonongeke. Koma si kanganso. Anesi, mukandipha mukayankha kwa Mulungu." Ndinati ndamva.

Masabata otsatira

Sindinama kuti zinayenda bwino kuyambira tsiku loyamba. Che Saidi mapiritsi ankamwa, mkazi wake anatsekera zotsekemera ndi kuchepetsa mbale, m'malo mwa ufa woyera n'kulowetsa mgaiwa, masamba ambiri. Koma kuyenda anakana. "Munthu wamkulu ngati ine ndizizungulira bwalo la mpira opanda kolowera? Anthu adzati Saidi napolo wamuzunguza mutu." Shuga anayamba kukwera. Timapepala toyezera tinali tochepa, ndipo ndinkagawa pakati pa iye ndi Felesiya. Sabata yoyamba isanathe Che Saidi anayamba kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, maso akuona mwachimbuuzi. Nditamuyeza m'mawa wina, nambala imene inatuluka inali yokwera moopsa. A Makuluni ataiona anati, "Amayi, zikapitirira chonchi masiku awiri, timubaya." Sindinatsutse. Ndinkadzifunsa ngati sindinatenge phunziro la pa bolodi n'kuseweretsa moyo wa munthu.

Amene anapeza njira ndi Abiti Yusufu. Anthu a pa sukulu paja ankasowa mchere, sopo ndi machesi, ndipo njinga yamoto sinkatha kukwera chifukwa njira inali itadzaza miyala. Mayiyu analongedza zinthuzo m'kathumba n'kukaika pa kauntala. "Ichi ndi chopereka chathu. Chopereka sichitumidwa, mwiniwake akapereke." Kenako anabwera kwa ine. "Anesi, inu mumapita kukaona odwala kumtunda m'mawa uliwonse. Muzidzera pano."

M'mawa woyamba tinapuma m'njira kosawerengeka. Ankatuluka thukuta ngati wathiridwa madzi, akudandaula za bondo, za nsapato, za ine. Ndinali nditayang'ana mapazi ake ndi kumuuza avale nsapato zotseka, chifukwa bala pa phazi la wodwala shuga silipola msanga. Titafika pa sukulu anthu anamuzungulira. Azimayi achikulire anamuthokoza m'Chilomwe, iye osamva, akungogwedeza mutu. M'kalasi ina anapeza Felesiya atakhala pa mphasa. Mayiyu sanali kudziwa kuti kabotolo kachiwiri kadzachokera kuti, ndipo ine ndinali ndisanamuuze. Anapereka moni mwaulemu. Che Saidi anamuyang'ana, anayang'ana mimba, n'kufunsa, "Akusuntha?" Felesiya anachita manyazi, chifukwa kwathu kuno mwamuna safunsa zotere, koma anayankha kuti eya. "Chabwino," anatero, n'kutuluka msanga.

Tsiku lotsatira ndinamupeza ataima kale pakhonde, thumba lili paphewa. "Anesi, mwachedwa. Tiyende." Kuyambira pamenepo mawu ake a m'mawa uliwonse anali omwewo. Madzulo akadya ankatsikanso kumtsinje kumene amuna ankasenza miyala yokonzera powolokera, ndipo naye ankanyamula ing'onoing'ono. Nambala sinatsike tsiku limodzi. Inayamba yaima, kenako inatsika pang'ono, kenako pang'ononso. Ludzu linachepa. Tsiku lina a Makuluni anabwera okha kudzamuyeza, ndipo ataona zotsatira anayezanso chala china poganiza kuti kachipangizo kalakwitsa. Atatuluka panja anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti, "Amayi, mundijambulire inenso selo lija."

Odwala ena a Lachinayi ataona Che Saidi akukwera phiri, anayamba kutitsatira. Ambiri anali alimi, anthu oyenda kale, koma panalinso aphunzitsi opuma, osoka zovala, amayi ogulitsa pa msika amene amakhala pansi tsiku lonse. M'njira Che Saidi ndi amene ankafotokoza, mokweza, ngati wabwera nazo yekha ku sukulu. "Makomo ali m'kati! Ukakhala pansi, nawonso akhala pansi!" Ine ndinkangokonza apo ndi apo, makamaka kuwakumbutsa kuti asasiye mankhwala awo.

Kabotolo koyamba ka Felesiya kanatha msewu usanatseguke. Ndinapita ku golosale kukatenga kachiwiri, ndipo Che Saidi anandipatsa ndi manja awiri. Msewu utatseguka, insulini sinabwere nthawi yomweyo. Galimoto zoyamba zinanyamula chimanga ndi mankhwala a kolera. Pamene bokosi lathu linafika, m'kabotolo kachiwiri munali mutatsala pansi penipeni. Tikanagawa monga mwa malamulo, Felesiya akanakhala masabata opanda jakisoni. Sindifunika kukuuzani tanthauzo lake.

Dokotala wa ku boma atabwera kudzayendera, ndinamuuza zonse ndekha, a Makuluni ali pomwepo. Anafunsa mafunso ambiri, ena owawa. Anamuyeza Che Saidi, anaona kuti thupi latsika ndipo shuga ali pabwino, n'kunena kuti apitirize mapiritsi ndi kuyenda, jakisoni ayambe waima, tizimuyang'anira mwezi ndi mwezi. Che Saidi anafuula mpaka odwala panja anadzidzimuka. "Ndiye zaka zonsezi ndinkadzibaya pamimba chifukwa cha njinga yamoto?" Dokotalayo anaseka n'kumuchenjeza kuti matendawa sanathe, ndipo tsiku lina jakisoni akhoza kudzafunikanso. Anafunikadi patapita zaka zingapo, wochepa, ndipo anamulandira popanda kudandaula.

Mwezi wokolola nandolo

Felesiya tinamutumiza ku chipatala chachikulu nthawi isanakwane kuti akadikirire kumeneko. Anachira kwa mwana wamkazi, wamoyo, wolira mokweza. Uthenga unandipeza ndili pakati pa kuyeza odwala, ndipo ndinatuluka panja n'kuimba nthungululu ndili mu yunifolomu. Felesiya atatuluka m'chipatala ndinaona kuti ayenera kudziwa, ndipo ndinamuuza za kabotolo kachiwiri. Anangoyang'ana mwanayo.

Loweruka lotsatira iye, mwamuna wake ndi apongozi ake aakazi, omwe aja ankanong'ona, anatsika m'mudzi atanyamula nkhuku yamoyo ndi lichero la nandolo. Anandipempha ndiwaperekeze ku golosale. Nkhukuyo anabweretsa yamoyo dala, kuti mwiniwake akazinge yekha monga mwa chipembedzo chake. Titakhala pakhonde, mwamuna wa Felesiya anavula chipewa.

"Bambo, ife ndife a tchalitchi, inu a ku mzikiti. Koma takambirana pabanja. Mwanayu alibe dzina. Tabwera kuti mumutche ndinu."

Che Saidi anayang'ana mkazi wake. Abiti Yusufu anatenga mwanayo kwa Felesiya n'kumuika m'manja mwa mwamuna wake. Anamunyamula mwamantha, ngati thireyi ya mazira.

"Dzina la kwathu sindimupatsa," anatero pomaliza. "Akakula angadzavutike nalo ku tchalitchi kwanu. La kwanu sindilidziwa." Kenako anayang'ana ine, maso atafiira. "Anesi, mukuti bwanji? Ameneyu ndi Tiyende."

Apongozi aja ndi amene anayamba nthungululu. Anthu a pa msika anasiya malonda awo n'kubwera kudzaona chimene chachitika, ndipo Che Saidi anaimirira pakhonde, mwana ali m'manja, akuuza aliyense wofika dzinalo, mmodzimmodzi, mpaka mwanayo analira kufuna bere.